Khadi la Eneless Linati Palibe

Mayi Eneless anafa Lachiwiri m'mawa, pa benchi ya kiliniki ya ku Divishoni Sikisi, patangopita mphindi khumi chibayidwire jakisoni. Pofika Lachinayi, amene anawabaya jakisoniyo, a Crispin Likoswe, anali atagona kawiri m'selo pa boma, ndipo fayilo yawo inali patebulo la Sajeni Everson Namakhwa wofufuza milandu.

Fayiloyo inali yopyapyala. Munali lipoti la dokotala amene anapima mtembo, lonena kuti thupi la mayiyo silinkayanjana ndi penisilini. Munalinso pepala losindikizidwa kuchokera mu kompyuta ya esiteti ya tiyi ya Nakhonyo. Pansi pa dzina la Eneless panali mzere wofiira wa zilembo zikuluzikulu: ASABAYIDWE PENISILINI.

"Nkhani iyi yadzifufuza yokha," anatero mkulu wa siteshoni. "Chenjezo linalipo, munthu sanawerenge. Mawa apite kukhoti, mlandu wopha munthu chifukwa chosasamala. Ku esiteti anthu ayamba kale kugenda mawindo."

"Ndipatseni tsiku la lero lokha, bwana."

"Ukufuna chiyaninso?"

"Munthuyu wabaya majakisoni zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndikufuna ndimve kuti Lachiwiri maso ake anali kuti."

A Likoswe anawatulutsa atavala malaya oyera omwe anagwidwa nawo, kolala itada. Anali bambo wa imvi zochepa, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuuza wodwala kamwedwe ka mapiritsi.

"Anabwera nawo pa thirakitala ya masamba a tiyi cha m'ma eyiti," anatero. "Thupi moto, kupuma kobanika. Nditamvetsera pachifuwa ndinapeza chibayo mbali zonse ziwiri. Ambulansi inali ku Blantyre. Ndinatsegula khadi lawo pa laputopu, ndinayang'ana pamene timayang'ana nthawi zonse, pamzere wa mankhwala osamuyanja munthu. Panalembedwa kuti palibe."

"Ndiye kuti panali popanda kanthu?"

"Ayi. Panali mawu. Palibe. Zilembo zisanu ndi chimodzi."

Namakhwa anawakankhira pepala la mzere wofiira lija. A Likoswe analibweretsa pafupi ndi maso, poti magalasi awo anali atasungidwa ku kauntala pamodzi ndi lamba.

"Ichi sindinachionepo."

"Kompyuta imanama, a Likoswe?"

"Ngati imanama sindikudziwa. Ndikudziwa zimene ndinawerenga."

"Mwini thupiyo munamufunsa?"

A Likoswe anayang'ana khoma. "Munthu wa chibayo chotere salankhula zambiri."

Namakhwa sanalembe zimenezo, chifukwa silinali yankho. Anangoika kadontho m'mphepete mwa pepala, nkunyamula chipewa chake.

*

Unali mwezi wa February, mvula yosakata. Njinga yamoto ya Namakhwa inkaterereka m'misewu yofiira ya pakati pa minda, uku othyola tiyi atawerama m'mizere, madengu kumsana, mapulasitiki m'chiuno. Palibe amene anakweza mutu.

Mwamuna wa malemu, a Stewart, anawapeza kumalaini, kunyumba za antchito, atakhala pakhonde la nyumba ya chipinda chimodzi. Maliro anali ataikidwa dzulo lake ku Khonjeni, pakhomo pasanasesedwe. Namakhwa anapepesa m'Chilomwe. Bamboyo anamuyang'ana kaye, kenako anamusunthira mpando.

"Esiteti yonse ikudziwa zimenezo," anatero a Stewart. "Chaka chadzana kuchipatala chachikulu cha kampani anam'baya jakisoni, anatupa mpaka maso kutsekeka. Tinayesa wapita. Adokotala analemba ndi bolopeni yofiira pachikuto cha buku lake, nkumuuza kuti mayi, buku ili ndiye moyo wanu, kulikonse muziyenda nalo."

"Bukulo lili kuti?"

"Kafunseni kampani. Mu June anabwera ndi makatoni, laini ndi laini, kutolera mabuku onse. Akuti masiku ano munthu amapita kuchipatala chimanjamanja, amangotchula nambala, zonse zili m'makina. Iye anakaniza. Kapitawo anati amene asunge buku ndiye kuti akufuna kumakatenga mankhwala kawiri. Anapereka."

"Dzina la mankhwalawo ankalidziwa?"

"Ife sukulu tinaionera pawindo, bwana. Ankangoti jakisoni uja."

M'nyumbamo wina anatsokomola. A Stewart anatsitsa mawu.

"Ndikuuzeni pompano, musadzati sindinanene. Inu apolisi mukam'masula dokotala uja, abale ake a mkazi wanga akam'peza. Ine sindiwaletsa."

*

Kiliniki ya ku Sikisi inali kanyumba ka zipinda ziwiri kumapeto kwenikweni kwa esiteti, kumene tiyi amathera nkuyamba chimanga cha anthu akumudzi. Mawindo awiri anali atatsekedwa ndi makatoni. Namwino wake, Sisita Pearl Kalitera, anali mayi wamfupi wolankhula ngati akuthamangitsidwa.

"Mwabwera kudzaona makina? Onani, onani, nawa. Ine ndatopa nawo, ndikanakhala ndi mphamvu bwenzi nditawaponya m'damu."

Analemba nambala ya Eneless. Khadi linatseguka, ndipo mzere wofiira unali pomwepo, wowala ngati bala.

Namakhwa anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anali atayenda ulendo wonsewo m'matope kudzangoona zimene zinali kale m'fayilo.

"Mwaonatu?" anatero Sisita Pearl. "Dzulo nditatsegula ndinangokhala pansi. Miyezi isanu ndi itatu ndikugwira makina amenewa, chofiira sindinachionepo. Ine ndinkayesa ndi a bulakenihwaiti ngati TV zakale zija."

"Mwati dzulo? Lachiwiri simunayang'ane?"

"Lachiwiri ndiyang'ane nthawi yanji? Ndinali panja kuyeza ana sikelo, ndinangomva a Likoswe akukuwa dzina langa. Tinalimbana nawo mayiwo mpaka kutisiya m'manja. Ndiye masana dalaivala wa a Zalimba anabwera kudzatenga laputopu, akuti ikapimidwe mavairasi. Yabwerako dzulo."

"A Zalimba ndi ndani?"

"A Cuthbert Zalimba, bwana woona za ogwira ntchito. Makiliniki onse anayi ali pansi pawo. Makinawa ndi mwana wawo wobereka okha, musawanyoze iwo ali pafupi."

Namakhwa anayang'ana mzere wofiira uja kanthawi.

"Pali munthu wina amene mukum'dziwa bwino kuti mankhwala ena samuyanja?"

Sisita Pearl anasuzumira pakhomo. "A Edson! Tabwerani kuno muwaonetse apolisi msana!"

Analowa mlonda wa pakilinikipo, bambo wachikulire wa jekete la kampani lothothoka mabatani. Anachita manyazi, koma anakweza malaya. Msana wonse unali mawangamawanga.

"Bakitirimu ameneyo, bwana," anatero. "Khungu linasendeka ngati khungwa la bulugamu. Milungu itatu ndili gone kuchipatala chachikulu."

"Adokotala analemba?" anafunsa Namakhwa.

"Analemba m'buku, nkulembanso m'makina ine ndikuona. Anati ndikadzamwanso ndi manda."

Sisita Pearl analemba nambala ya a Edson. Khadi linatseguka: dzina, zaka, laini imene amakhala. Pamzere wa mankhwala osawayanja panali zilembo zakuda, zooneka bwino.

PALIBE.

Sisita Pearl anachotsa manja pa laputopu.

*

Ofesi yaikulu inali pamtunda, pakati pa kapinga wometedwa bwino. Pakhomo la a Zalimba panali mlembi, mayi wa magalasi amene sanasiye kutaipa.

"A Zalimba alipo?"

"Palibe."

Namakhwa anatembenuka. Anaponya mapazi atatu, nkuima.

"Mwati palibe?"

"Ee, palibe."

"Ndiye kuti kampani ino ilibe munthu wotchedwa Zalimba?"

Mayiyo anakweza maso pamwamba pa magalasi. "Iii, abambo inu, mwadya koma? Alipo, koma pano palibe. Ali kufakitale ndi alendo ogula tiyi."

"Alipo, koma pano palibe," anabwereza Namakhwa chapansipansi. "Zikomo, mayi. Nanga amene anakonza pulogalamu ya makiliniki amakhala chipinda chiti?"

Chinali chipinda chakumapeto, chozizira ngati mochale, chopanda windo. Pakona panali bokosi lachitsulo lalitali ngati munthu, likung'ung'udza, timagetsi tikuphethira. Mwini chipindacho, Vitu Chavula, anali wa zaka zosakwana makumi atatu, wowonda, wa ku Rumphi. Ataona chiphaso cha polisi sanafunse kuti kwagwanji.

"Nditsegulireni khadi la a Edson, mlonda wa ku Sikisi," anatero Namakhwa.

Khadi linatseguka. Kwa kamphindi mzere wa mankhwala unali mbee, kenako munatulukira zofiira: ASAMWE BAKITIRIMU.

"Ku Sikisi khadi lomweli likuti palibe. Ndaona ndi maso angawa ola lapitalo. Komanso ndaona kuti kuno chofiirachi chachedwa pang'ono kubwera. Chimachokera kuti?"

Vitu anapukuta manja pa thalauzi.

"Zonse zimakhala mu detabesi, bwana. Tinene kuti nkhokwe. Ili m'bokosi ilo, seva. Koma khadi la munthu silikhala pamodzi ngati buku. Dzina ndi nambala zili pena, matenda akale pena, mankhwala osamuyanja penanso. Pulogalamu imene imanyamula zinthu m'nkhokwemo anaipanga yaulesi mwadala, kuti izifulumira. Mukaitana khadi imabweretsa nkhope yokha. Zinazo imathamangira kukatenga pokhapokha mwaziyang'ana. Ndi kuchedwa kumene mwaonako. Muno zimatheka chifukwa khadi likadali lolumikizika kunkhokwe."

"Nanga ku Sikisi?"

"Ku Sikisi kulibe waya. Netiweki ya foni imagwira m'mamawa mokha. Ndiye tsiku lililonse seva imadula makadi kunkhokwe, nkuwamanga m'phukusi, nkuwatumiza ku laputopu. Khadi likadulidwa, basi. Chimene silinanyamule silingabwererenso kukatenga."

Namakhwa anakumbukira bambo ake, amene anakalambira ku nazale ya tiyi akudula timitengo tobzala: tsamba limodzi, kamtengo kotalika ngati chala, mizu yonse itatsala kwa make.

"Pitirizani."

"Poyamba laputopu ikafika pamzere umenewo inkafunafuna nkhokwe, osaipeza, pulogalamu yonse nkuzima. Madandaulo tsiku ndi tsiku. Njira zinalipo ziwiri. Yoyamba, kukatenga zonse khadi lisanadulidwe. Koma phukusi linkalemera, netiweki inkaduka lisanafike ndi theka lomwe. Kukonza zimenezo bwinobwino kunkafuna miyezi iwiri, makiliniki atabwerera kaye kumabuku. Yachiwiri, chilichonse chimene sichinatengedwe kungochichotsa, phukusi lipite lopepuka."

"Munasankha yachiwiri."

"Kwa masabata awiri okha. Ndi mmene tinapanganirana ndi a Zalimba." Vitu ankalankhula akuyang'ana kiyibodi. "Ndiye pamalo otsala opanda kanthuwo panafunika mawu, kuti anthu asayese makina afa. Ndinalemba kuti palibe. Ine ndinkatanthauza kuti m'phukusi muno palibe, funsani kuofesi."

"Chabwino. Nanga munthu amene alibedi vuto ndi mankhwala alionse, pakhadi pake pamalembedwa chiyani?"

Bokosi lija linkang'ung'udzabe.

"Palibe."

"Mawu omwewo."

"Omwewo, bwana."

"Tsono ndithandizeni apa. Ngati makadi onse amafika ku Sikisi opanda mizu, la Eneless lokha lamera bwanji chofiira pakati pa Lachiwiri ndi Lachitatu?"

Vitu anatsegula pakamwa. Chitseko chinatseguka kumbuyo kwawo.

*

"Ofisa! Bwenzi mutandiimbira, tikanakulandirani ndi kapu ya tiyi wathu." A Cuthbert Zalimba anali bambo wathupi, wa taye ndi nsapato zosakhudza matope. Anagwira Namakhwa chanza ndi manja awiri. "Nkhani yomvetsa chisoni kwambiri. Kampani yagula bokosi, yapereka thiransipoti. Koma munthu mmodzi akalephera kuwerenga, tisanyoze sisitemu yonse. Alendo athu angoiyamikira kumene kufakitaleko."

"Laputopu ya ku Sikisi munaipeza ndi mavairasi angati, bwana?"

"Zimenezo ndi za atekinishani."

"Atekinishani ndi awa ali apawa."

A Zalimba anamwetulirabe, koma maso anali atapita kwa Vitu.

"Vitu, usanayankhe uganize bwino. Iwe ndi mwana wophunzira. Ukumbukire kuti amene analemba mawu aja pa sikirini ndi ndani. Ine kompyuta sindiidziwa, ngakhale imelo amanditsegulira ndi asekilitale."

"Ndine, bwana," anatero Vitu. "Ndinalemba ndine. Chichokere Lachiwiri chakudya sichikulowa."

Anakoka dirowa yapansi, natulutsa envulopu yakhaki imene inkaoneka kuti yagwiridwagwiridwa. Munali kalata ya tsamba limodzi ya mwezi wa September, yochokera kwa iye kupita kwa a Zalimba. Inkafotokoza zonse zimene anali atangonena, nkupempha kuti makiliniki abwezeredwe mabuku kufikira vutolo litakonzedwa. Pansi pake panali mizere iwiri ya bolopeni yobiriwira, ndi siginecha: Zidikire alendo a February adutse. Makiliniki asauzidwe, angasiye kugwiritsa ntchito makina.

"Lachiwiri masana anandibweretsera laputopu," anatero Vitu. "Anati nditumizemo khadi limodzi lathunthu, la malemuwo. Ndinatumiza. Koma seva imasunga kope la phukusi lililonse limene latuluka, ndi tsiku lake ndi nthawi yake. La Lachiwiri m'mawa lilipo. Sindinalifufute."

"Anakuuzani kuti mufufute?"

"Kawiri."

A Zalimba anamasula taye pang'ono. "Ofisa, tiyeni tikakambirane muofesi mwanga ngati akuluakulu. Apa pali ntchito za anthu zikwi zitatu. Alendo aja akamva zoterezi sagulanso tiyi wathu, ndipo amene avutike si ine."

Namakhwa anapinda kalatayo, naiika m'thumba la malaya, nkumanga batani.

"Anthu amene ali ndi chofiira m'nkhokwemu, koma kumakiliniki akuoneka kuti palibe, alipo angati?"

Vitu sanachite kuyang'ana pa kompyuta. "Mazana awiri ndi khumi ndi anayi."

"Lero makiliniki atsegula?"

"Atsegula onse."

Namakhwa ananyamula foni ya patebulo, naipereka kwa a Zalimba.

"Muyambe ndi ku Sikisi. Muwauze atseke makinawo, ndipo asabaye munthu asanaimbe kuno. Mukatha onse anayi mutulutse makatoni a mabuku aja. Zokambirana ngati akuluakulu tikakambirana kusiteshoni."

A Zalimba anayang'ana foniyo ngati yotentha. Kenako anafunsa Vitu nambala ya ku Sikisi, chifukwa sankaidziwa.

*

Inali itakwana faifi koloko pamene Namakhwa anaitanitsanso a Likoswe. Anawabweretsera magalasi awo. Anawaikira patebulo kalata ya September, ndi pepala la phukusi la Lachiwiri m'mawa, pomwe pansi pa dzina la Eneless panali mawu aja a zilembo zisanu ndi chimodzi.

"Munawerenga bwino, a Likoswe. Chenjezo linatsala kuofesi. Ndikauza bwana, mwina mugona kwanu lero, kapena kwa achibale kutali ndi esiteti mpaka mitima itazizira."

A Likoswe anawerenga kalatayo kawiri. Anavula magalasi, nawapinda, nawaika pambali. Nkhope yawo sinasinthe.

"Funso lanu la m'mawa lija," anatero. "Munafunsa ngati ndinawafunsa."

Namakhwa anayang'ana kadontho kaja m'mphepete mwa pepala.

"Sindinawafunse. Ananena okha. Ndikukoka mankhwala m'botolo anandigwira mkono, anati adokotala, jakisoni wina amandikana. Ndinati uti? Anati uja. Ndinabwerera pa laputopu kachiwiri. Palibe. Panja panali anthu makumi atatu akudikira. Ndinati mayi, makina akuti mulibe vuto, mwina tsiku limenelo munangochita chizungulire." Anapuma. "Anandisiya mkono. Anati, poti makina atero."

Kunja wapolisi wina ankatsitsa mbendera, chingwe chikulira pachitsulo.

"Analipo wina amene anamva?"

"Tinali awiri."

"Mukudziwa kuti ndikalemba zimenezi simutuluka lero? Ndipo mwina si lero lokha."

"Kale kukanakhala buku lopanda kanthu, munthu nkundiuza choncho, ndikanatenga mankhwala ena. Analipo m'kabati, sitepe ziwiri. Ndinaphunzitsidwa kumvera wodwala." A Likoswe anakankhira bolopeni kwa Namakhwa. "Lembani, a Sajeni."

Namakhwa anatola bolopeniyo. Kenako analemba, mawu ndi mawu, mpaka pa poti makina atero. A Likoswe anavalanso magalasi, anawerenga, nasaina.

Mkulu wa siteshoni anali atanyamula kale makiyi a galimoto pamene Namakhwa anagogoda.

"Ndamva kuti wandibweretsera bwana wa taye m'selo mwanga," anatero. "Mafoni sakundipumitsa. Tsono tinene chiyani za Likoswe? Mlandu ulipo kapena palibe?"

Liwu lalifupi lija linali pafupi, pamlomo penipeni. Likanakwana, ndipo fayilo ikanatsekeka bwino. Namakhwa anayala masitetimenti atatu patebulo, la a Likoswe, la Vitu ndi la a Zalimba, limodzi pambali pa linzake.

"Ulipo, bwana," anatero. "Kungoti m'mawa uja tinali ndi gawo limodzi lokha, lina linatsala kuofesi. Mawa galimoto ya kukhoti inyamule anthu atatu."